Galu Wanga ndi Njoka za mu Uvuni

Nditakwatira ndinachoka kwathu ku Ndunde n'kukakhala kwawo kwa akazi anga, kufupi ndi Nguludi, monga amachitira amuna ambiri kuno. Nyumba ndinamanga ndekha, koma malo amene inakhalapo si anga. Mtengo wa mango umene ndimapumapo si wanga, ndipo ngakhale dzala lotayamo zinyalala ndinachita kulozeredwa pokumba. Ukamwini ndi umenewo, ndipo sindinkadandaula. Chinthu chokha chimene ndinkati changachanga pakhomopo chinali galu. Ndinamutenga kwa mlongo wanga ali kamwana, n'kubwera naye panjinga m'katoni akulira njira yonse. Anali wofiirira, wa khutu limodzi logwa, wakuba mazira akapeza mpata, ndipo nzeru analibe kwenikweni. Ndinkamukonda kwambiri, sindichita manyazi kunena.

Kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa bafa ndi khola la nkhunda, panali uvuni wa njerwa. Mwini wake anali alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Anaumba njerwazo, kuziwotcha bwinobwino, n'kunena kuti adzamangira mayi awo nyumba yamakono, kenako ulendo wa ku Joni kukasaka ndalama za malata. Mpaka lero malatawo sitinawaone. Uvuniwo unamera udzu pamwamba, makoswe analowamo, ndipo pamene pali makoswe chakusa sachedwa kufika.

Chakusa ndi njoka yofiirira ija imakonda kukhala pafupi ndi nyumba, ya timizere toyera m'mbali mwa mutu. Ilibe ululu. Malemu bambo anga sankalola kuti tiziipha, chifukwa ndi imene inkachepetsa makoswe pansi pa nkhokwe. Ndinakula ndikuiona ikuwothera dzuwa pamwala wa pakhomo, ndipo palibe amene inamugoneka m'chipatala. Ukaiputa imaluma, inde, koma chimene umapeza ndi timabala tonga ta minga ya mtungwi, basi.

Galu wanga ndiye anali katswiri woiputa. Uvuni uli ndi mabowo m'munsi, aja timasonkhezeramo nkhuni powotcha, ndipo iye ankalowetsamo mutu mpaka m'mapewa, mchira uli gwedegwede kunja. Tsiku loyamba kulumidwa ndinali ndikunola khasu m'mawa. Ndinangomva kukuwa, kenako anatulukira akuthamanga chambuyo, njoka ili lendelende pamlomo. Anaipukusa, inagwa, n'kubwerera m'njerwa mosapupuluma. Ndinamugwira galuyo n'kumuyang'ana bwino. Panalibe mabowo awiri akuya amene mphiri imasiya, panali timadontho tamagazi tondondozana basi. Ndinamutsuka ndi sopo ndi madzi amchere. Sanatupe. Masana anadya bwino, ndipo dzuwa lisanapendeke mutu unali m'bowo lomwe lija.

Nkhani ikanathera pomwepo chikhala kuti apongozi anga sanaone. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, ndipo pakhonde pawo palibe chimene chinkawadutsa.

Pabanja limene ndinakwatirako amasunga mwambo wa kale wopewana. Mkamwini ndi apongozi aakazi salankhulana maso ndi maso, sakhala pamphasa imodzi, ndipo mukakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, koma apongozi anga ayi. Iwo ankati ndi ulemu, ndipo ulemu wake unali weniweni: ndiwo zabwino zikapsa kwawo, mbale yanga inkafika. Kungoti mawu aliwonse pakati pa ine ndi iwo ankadzera mwa akazi anga. Tsono akazi anga ndi munthu wokonda mtendere. Mawu akalowa mwa iwo ali ndi minga, amatuluka atasendedwa. Ine ndinkatha kulankhula mpaka kukhosi kuuma, iwo n'kuwoloka bwalo, kugwada, kunena timawu tiwiri, n'kubwerako.

Madzulo a tsiku limenelo uthenga unafika. "Akuti galuyo atemeredwe, ululu usafike kumtima."

"Mukawauze kuti njoka imeneyo ilibe ululu," ndinatero ine. "Ndi chakusa. Kwathu tinkakhala nayo. Mukawauze kuti aone okha, galu akudya, akuthamanga, sanatupe. Asamukhudze."

Akazi anga anapita, ndipo ndinawamva ndili pakhonde chifukwa bwalo lake si lalikulu. "Akuti zikomo, aona mmene agonere."

Ndinatsala kukamwa kuli yasa. Atabwerako ndinawafunsa kuti, "Kodi mayi, ndanena zimenezo ine?"

"Nanga mumafuna ndikanene kuti amayi sadziwa njoka? Inu abambo, zinazi muzingozisiya."

M'mawa mwake ndinapita ku Limbe kukagula zitsulo za njinga. Pobwera ndinapeza galu wanga atagona pansi pa khola la nkhunda, mphuno yonse ili mphini zokhazokha. Apongozi anali atamutema ndi lezala, kumupaka zakudazakuda zosinja, ndi kumumwetsa parafini kuti asanze ululu. Anasanzadi. Anasanza mpaka miyendo kunjenjemera, anakana chakudya, maso ali mbuu. Ndipo uthenga unabwera, waulemu ngati nthawi zonse: "Akuti mwaona mmene wafookera? Chikhala kuti sanafulumire, bwenzi pano mukukumba."

Ndinapsa mtima tsiku limenelo moti ndinakalima mizere ya mbatata imene sinkafunika kulimidwa. Munthu ungakwiyire ndani? Mayi wokalamba wataya parafini wake wounikira pofuna kupulumutsa galu wa mkamwini. Ndinayenera kuthokoza. Ndinatumiza zikomo, ndipo mawu amenewo okha ndi amene anafika osasendedwa.

Galuyo atachira anabwerera kuntchito yake. Chilimwe chimenecho analumidwa kangapo, pena pamphuno, pena pakhutu logwa lija, tsiku lina paphazi. Ndinaphunzira kubisa. Ndikamva kukuwa ndinkathamanga, kumunyamula, kulowa naye m'bafa, kumutsuka msangamsanga, kenako n'kutuluka ndikuimba mluzu ngati palibe chachitika. Tangoganizani, bambo wa ndevu zake kubisa galu m'bafa poopa chifundo cha apongozi. Nthawi zina ndinkapambana. Nthawi zina ankandiona, ndipo akandiona ankadikira kuti ndichoke pakhomo. Galu uja anafika pomati akangomva fungo la parafini, ngakhale wa munyali, ankathawira kumunda.

Ndinayesa kutseka mabowo a uvuniwo ndi miyala ndi matope. Anafukula. Ndinayesa kumumanga, koma ankalira ngati wafedwa, anthu n'kumati mkamwini uyu akuzunza chiweto. Pamapeto pake ndinaona kuti njira ndi imodzi: kuphwasula uvuniwo, njerwa n'kukazisanja poyera kutsogolo, pamene makoswe sangamange. Ntchitoyo ndinali wokonzeka kuigwira ndekha. Ndinawafotokozera akazi anga mwachifatse, iwo anakafotokoza mmene anafotokozeramo, ndipo apongozi anati nkhani ya njerwa ndi ya mwini wake. Anaimba foni ku Joni.

Alamu anayankha foni ili pokweza, bwalo lonse likumva. "Njerwa zanga asakhudze munthu! Ndikuwadziwa alamuwo, akufuna amangire khitchini. Muwauze aumbe zawo, dothi silinathe."

Ine khitchini ndinali nayo kale, yofolera bwino kuposa nyumba imene iwo anabadwiramo. Mkamwini ukayankha zoterezi, mawa umva kuti ukulimbirana chuma cha eni mudzi.

M'malo mosuntha njerwa, banja linagamula kuti njoka zife. Amalume awo a akazi anga, amene ndi mwini mbumba pamenepo, anabwera ndi anyamata awo tsiku lina Loweruka. Anathira oyilo wakuda m'mabowo monse, anayatsa matayala akutha ndi nsapato zakale, utsi unadzaza mudzi moti nkhunda zinathawa khola. Njoka zikatuluka zinkakumana ndi zibonga. Anazipachika pamtengo wa nandolo kuti odutsa aone. Zonse zinali chakusa, ina yaikulu bwino, zina tiana. Ndinaima chapatali manja ali kumbuyo, galu nditamutsekera m'nyumba.

"Akamwini, bwanji simukuthandiza?" anafunsa amalumewo. "Tikuvutikatu chifukwa cha galu wanu."

"Njoka zimenezi n'zosaopsa, amalume. Zimadya makoswe."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Njoka yosaopsa? Ku Ndunde mumaziweta eti? Ndiye mukanatiuza, tikanakusungirani imodzi ya mbewu."

Anyamata aja anagwa nako kuseka. Kuyambira tsiku limenelo ndikamadutsa pa gulosale ankandifunsa ngati ziweto zanga zadzuka bwino. Ndinkayankha kuti zadzuka, nanga ndikanatani.

Galu sanalumidwenso, zimenezo ndivomere. Apongozi anasangalala, ndipo ananditumizira nyemba za kalongonda zophika bwino kusonyeza kuti nkhani yatha. Koma titakolola, makoswe anayamba kuonetsa kuti mudzi ndi wawo. Masiku ano chimanga sitisunga m'nkhokwe poopa akuba, timachithira m'matumba n'kuika m'nyumba. Matumba a apongozi anabooledwa onse kumunsi. Maunda a nkhunda ankapezeka atadyedwa mitu. Makoswe ankathamanga pamtanda wa denga masanasana, onenepa ngati ana a mphaka. Chimene chinawawa kwambiri n'chakuti anaboola bulauzi yoyera ya apongozi, ija amavala ku bungwe la amayi kutchalitchi. Ndinamva kulira kwake ndili kwathu.

Sindinanene kuti ndinanena. Ndinkafunitsitsa, lilime linkayabwa, koma ndikananena kudzera mwa yani? Akazi anga akanakafikitsa kuti ndikupepesa za bulauzi.

Kenako ndinamva kuti apongozi akufuna kugula mankhwala a makoswe, akuda aja a timibulu amene amagulitsa m'timapepala tsiku la msika. Apa ndiye ndinachita mantha enieni. Mankhwala amenewo ndinawaonapo ntchito yake kwathu: amapha khoswe, amapha mphaka wodya khosweyo, ndipo galu samupatsa nthawi. Ndinawakhazika pansi akazi anga.

"Mayi, lero lokha musasende mawu anga. Mukanene mmene ndikuneneramu. Mankhwala amenewo asafike pakhomo pano. Ndigula misampha, nditchera ndekha m'nyumba mwawo inu mulipo, ndikapempha mphaka kwa mlongo wanga. Koma mankhwalawo ayi. Galu wanga adzafa."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti amva. Anapita, anakhalitsako kuposa masiku onse. Pobwera anati, "Akuti chimanga chikutha, sangadikire mphaka. Koma avomera kuti tsiku lothira adzanena, inu mudzamange galuyo mpaka adzachotse."

Sizimene ndinapempha, koma kwa mkamwini theka limakhala phwando. Ndinagula chingwe chatsopano n'kuchipachika pamsomali wa pakhonde. Misampha ndinagulanso, ndipo inkagwira, kungoti makoswe ake anali ochuluka kuposa misampha.

Tsiku lake linali wamba. Ndinalawirira kudimba kukathirira mpiru, galu ali pambuyo monga mwa masiku onse. Zimene zinachitika kunyumba ndinazimva pambuyo pake. Apongozi ataona kuti galu wachoka nane, anasakaniza mankhwala aja ndi usipa wosinja ndi madeya, n'kukaika paphale m'bowo la uvuni. Ankati auza mwana wawo ndisanabwere. Koma akazi anga anali atalandira foni kuti mng'ono wawo, amene anali ndi pakati, matenda amuyamba ndipo ali kale panjira ya kuchipatala ku Nguludi. Anatsanzika mothamanga, mayi awo mutu uli kwa wodwalayo, ndipo za phale palibe anakumbuka. Akazi anga anakwera kabaza n'kupita.

Ndinabwerako dzuwa lili pamutu, nditatopa, matope ali m'miyendo. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kutsuka mapazi. Ndinaona apongozi ataimirira pakhonde pawo, chinthu chimene sankachita ine ndikakhala panja. Anatsokomola. Anatsokomolanso mokweza. Anamenya beseni ndi chikho. Kenako anayamba kulankhula mofuula m'Chilomwe, nkhope atalozetsa ku nkhuku zawo. Kwathu Chilomwe chinathera pa agogo, ine ndimangotolako moni ndi mayina a zakudya. Ndinaganiza kuti galu wabanso mazira ndipo akundinyoza mozungulira. Ndinaweramitsa mutu mwaulemu, n'kupitiriza kutsuka mapazi.

Njira yopita kuseri inkadutsa pakhonde pomwe ndinakhalapo. Iwo sakanadutsa pamenepo. Ndinawaona akutsika, akutsimphina ndi bondo lawo lovuta, kulowera kunyumba za achibale kumtunda. Ankakafuna munthu woti adzandiuze. Linali tsiku la msika, ndipo m'nyumba zonsezo munalibe munthu wamkulu.

Mawu ake anali ochepa: mangani galu. Mwana woyamba kumene kulankhula akhoza kuwanena. Anali pakamwa pawo, ine ndinali poti akanatha kundiponyera chitsononkho n'kundigenda, chingwe chinali pamsomali pamwamba pa mutu wanga.

Galu anatulukira kuchokera kuseri akudzinyambita. Anabwera kudzagona pafupi ndi beseni langa. Posakhalitsa anadzuka, anayenda ngati woledzera, n'kugwa. Thovu linayamba kutuluka kukamwa, thupi lonse likunjenjemera, minofu ikudumphadumpha pansi pa khungu. Ndinayang'ana mphuno, makutu, mapazi, kufuna bala la njoka. Panalibe. Ndinathamangira ku uvuni ndipo ndinaliona phale lija, lonyambitidwa mbee, timibulu takuda titatsalira m'mphepete.

Pobwerera ndinapeza apongozi atagwada pambali pa galuyo, akupuma mwabefu, mpango utagwa. Anali ndi mazira m'chitenje ndi makala amene ankawaphwanya ndi mwala. Sanapatuke, sanatembenuke. Anandiyang'ana m'maso.

"Bambo, mutseguleni kukamwa. Fulumirani."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo akulankhula ndi ine. Ndinagwada, ndinamukanula nsagwada, iwo ankathira mazira ndi makala osungunula m'madzi. Manja athu ankagundana. Ankanena kuti, "Meza, mwanawe, meza," ndipo misozi inkatsikira m'makwinya. Galu sanameze. Anatambalitsa miyendo, anandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kuuma manja anga ali m'kamwa mwake.

Tinakhala pamenepo kanthawi, awiriwiri. Ndinali ndi mawu ambiri, ena a chilimwe chonse, ndipo kwa nthawi yoyamba panalibe wowasenda. Koma mayi uja, mazira ali m'manja monse, ankangoti, "Ndinakuwa, bambo. Ndinayesa kukuwa." Ndinangoti, "Ndamva, amayi." Anadzuka movutika, anatola mpango wawo, n'kupita kukatenga phale lija. Ndinawaona akulitaya m'chimbudzi.

Ndinamukwirira kumapeto kwa munda, pamene ndinaona kuti palibe angadzandifunse za malo.

Akazi anga anabwera mawa lake ndi nkhani yabwino, mng'ono wawo anachira bwino, mwana wamkazi. Analowa kaye kwa mayi awo, ndipo potuluka nkhope inali itagwa. Anandipeza ndikukonza unyolo wa njinga umene unalibe vuto lililonse. Anagwada pafupi.

"Abambo, amayi sanadye chidzulo. Akuti anthu akamva adzati anapha dala galu wa mkamwini. Mukudziwa mmene pakamwa pa anthu palili pano. Chonde."

"Chonde chiyani?"

Anangodzuka n'kubwerera kwa mayi awo.

Madzulo achibale anasonkhana pabwalo kudzamva za mwana wobadwayo. Panali kuseka, azimayi akululutira, wina atabweretsa thobwa. Apongozi anakhala pamphasa pawo cha kutali, atandifulatira monga kale, ngati dzulo lija sitinagwade pamodzi. Nkhani zitazungulira, amalume aja anatembenukira kwa ine.

"Tamva za galu wanu, akamwini. Pepani. Koma tinkanenatu ife. Ululu wa njoka umabisala m'thupi, umadikira. Inu mumati n'zosaopsa, n'zosaopsa. Lero mwaona nokha. Yamupha ndi njoka, si choncho?"

Akazi anga ankayang'ana pansi. Msana wa apongozi unali utauma gwa, dzanja lawo litaima m'lichero mmene ankasankha nyemba. Ndinkadziwa dzina la njokayo, ndinkadziwa mano ake, ndinkadziwa kuti pa zonse zimene zinamukhudza galu wanga pakhomo paja, iyo yokha ndi imene sinamupweteke.

"Eya, amalume," ndinatero. "Ndi njoka."